Buku Loyamba Mozizira: Kulipitiriza Kapena Kulisiya?

Wophunzira aliyense amene akukonzekera mayeso a MSCE amakumana ndi vuto ili. Mwatenga buku la nthano yaitali, mwawerenga tsamba loyamba, lachiwiri mpaka lachisanu, koma simukuonamo chochitika chilichonse. Mulibe ndewu, mulibe chibwenzi, mulibe wothamangitsidwa ndi apolisi. Mlembi akungofotokoza za mudzi, za makolo a munthu wina ndi za mwambo wa pamaliro. Zikope zayamba kulemera, ndipo mumtima mwabwera funso lakuti, kodi ndipitirize kapena ndilisiye?

Funsoli ndi lomveka. Nthawi ya wophunzira wa Fomu 4 ndi yochepa pomwe maphunziro ndi ambiri, ndipo m'sukulu zambiri zoyendera buku limodzi amalandizana ophunzira angapo. Cholinga cha mutu uno ndi kukuthandizani kuyankha funsoli mwanzeru. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti buku loyamba pang'onopang'ono limasiyana ndi buku lopanda kanthu, ndipo wowerenga wabwino amadziwa kusiyanitsa ziwirizi asanagamule.

1. Ntchito ya chiyambi cha nkhani

Mudaphunzira kale kuti tsatanetsatane wa nkhani amakhala ndi chiyambi, kukula kwa mkangano, pampondachimera ndi mathero. Chiyambi chili ndi ntchito zitatu. Yoyamba ndi kutidziwitsa malo ndi nthawi imene nkhani ikuchitikira. Yachiwiri ndi kutionetsa ampangankhani, makhalidwe awo ndi ubale wawo. Yachitatu ndi kufesa mbewu ya mkangano umene udzakule m'mitu yakutsogolo. Ntchito zitatuzi zimadya masamba, ndipo masamba amenewa ndi omwe ophunzira ambiri amati ndi ozizira.

Kumbukirani nthano za agogo. Akati padangokhala, inu n'kuvomera kuti tilitonse, sayambira pa nyimbo kapena pomwe Fisi akugwidwa. Amayamba afotokoza kuti kudali njala, kuti mfumu idali ndi mwana wamkazi, kuti Kalulu ndi Fisi adali paubwenzi. Palibe mwana amene amanyamuka pamoto chifukwa chakuti nyimbo yachedwa. Aliyense amadziwa kuti akaphonya chiyambi, nyimboyo ikadzabwera sadzamva tanthauzo lake.

Inu a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mukudziwanso za nazale ya fodya. Mlimi amafesa cha mu Seputembala, nathirira mabedi mmawa ndi madzulo pomwe pamwamba pakungooneka udzu wophimbira. Kuwokera kumadikira mvula, kenaka kupalira, kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'chigafa, ndipo msika wa ku Kanengo umadzatsegulidwa cha mu Epulo. Munthu wosadziwa ulimi akaona nazale m'sabata yoyamba anganene kuti palibe chikuchitika. Mlimi amadziwa kuti mabelo onse akuchokera pomwepo. Mitu yoyambirira ya buku ndi nazale ya nkhani yonse.

Palinso chifukwa china. Alembi ambiri akale a Chichewa ankafuna kusunga miyambo ya makolo m'mabuku kuti isaiwalike. N'chifukwa chake amaima kaye n'kufotokoza mwatsatanetsatane za chikuta, ukwati, milandu ya pabwalo kapena maliro. Kwa iwo mwambo udali mbali ya nkhaniyo. Inu mwazolowera mafilimu ndi mauthenga a pafoni omwe amakopa m'kanthawi kochepa, choncho mayendedwe a mabuku oterewa amaoneka ochedwa.

2. Chitsanzo choyamba: Nthondo

Buku la Nthondo adalemba ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma m'boma lomwe lino la Lilongwe. Lidasindikizidwa mu 1933, ndipo mlembiyu adapata nalo mphotho pampikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa umene udakonzedwa ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Mu 1934 lidatuluka m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, womasulira wake ali T. Cullen Young.

Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa. Kumayambiriro mlembi safulumira. Amationetsa makolo a Nthondo, kubadwa kwake, miyambo ya pamudzi ndi imfa ya atate ake iye akali mwana. Zimene ophunzira amakonda, monga umbava wa Nthondo, ulendo wake wokafuna ntchito kumaiko akummwera, kubwerera kwake, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima, zimabwera pambuyo.

Tsono taganizani kuti mwadumpha mitu yoyamba n'kukayambira pomwe Nthondo wayamba kuba. Mudzamuona ngati mbala wamba basi. Ndiye pamayeso pabwere funso la mtundu uwu: fotokozani zinthu zimene zidachititsa kuti Nthondo akule ndi makhalidwe oipa. Yankho lake lili m'masamba omwe mudadumpha aja, momwe muli za banja limene adabadwiramo ndi za kusowa kwa atate ake. Ngakhale kusintha kwake kumapeto simungakufotokoze bwino ngati simukudziwa kumene adachokera. Kuti munene kuti munthu wasintha, muyenera kudziwa mmene adalili poyamba.

3. Chitsanzo chachiwiri: Things Fall Apart

Vutoli silipezeka m'mabuku a Chichewa okha. Buku la Things Fall Apart lolembedwa ndi Chinua Achebe wa ku Nigeria lidatuluka mu 1958, ndipo ndi limodzi mwa mabuku a mu Africa owerengedwa kwambiri padziko lapansi. Lili ndi mitu 25. Mwa imeneyi, mitu 13 yoyambirira ikungokamba za moyo wa ku Umuofia azungu asanafike: masewero olimbana, ulimi wa zilazi, malowolo, milandu ndi zikhulupiriro. Amishoni ndi boma la atsamunda, omwe abweretsa mkangano waukulu wa bukuli, amaonekera theka la buku litadutsa.

Kodi Achebe adachedweranji chotere? Ankafuna kuti wowerenga ayambe wakhala nawo m'mudziwo, adziwe malamulo ake, zabwino zake ndi zoipa zake, kuti zinthu zikadzayamba kupasuka amve kuwawa kwake. Simungalire maliro a munthu amene simudamudziwe. Komanso m'mitu iwiri yoyamba mlembi akutiuza za Unoka, atate a Okonkwo, munthu waulesi ndi wangongole, ndi za mantha amene Okonkwo ali nawo oti angafanane ndi atate akewo. Mantha amenewa ndi omwe amuchititsa kupha Ikemefuna m'mutu 7, ndipo amutsata mpaka kumapeto kwa buku. Amene wawerenga mitu iwiriyi mothamanga wataya kiyi wa buku lonse.

4. Kodi vuto lili m'buku kapena mwa wowerenga?

Musanaliweruze buku, yambani mwadzifunsa nokha. Nthawi zambiri kuzizira kumene tikukumva kumachokera ku zinthu izi.

(a) Kutopa. Ngati mwayenda mtunda wautali kuchokera kusukulu, kenaka mwakathirira kudimba, ndipo bukulo mwalitsegula usiku nyale ikuzilala, buku lililonse lidzakukomerani ngati mankhwala a tulo. Yesani kuliwerenga mmamawa kapena Loweruka masana musananene kuti ndi lozizira.

(b) Mawu achilendo. Chichewa cha m'mabuku akale chili ndi mawu, zining'a ndi mikuluwiko imene achinyamata salankhulanso. Mukadumpha mawu asanu patsamba limodzi, nkhani imasanduka chifunga. Apa inu a kuno muli ndi mwayi umene anzanu a m'tauni alibe. Agogo a m'midzi ya kwa Kabudula kapena ku Mpingu akhoza kukumasulirani za chikamwini, chitengwa, unkhoswe, kusudzula ndi udindo wa mwini mbumba popanda kutsegula buku. Lembani mawu ovutawo papepala mukawafunse. Paja safunsa adadya phula.

(c) Maina ambiri. Mlembi akatchula anthu asanu ndi atatu m'mutu umodzi, mutu umazungulira. Jambulani kamtengo ka ubale kosonyeza kuti uyu ndi mayi wa yani, uyu ndi malume a yani. Mukatero nkhani imayamba kuyenda.

(d) Kuyembekezera zina. Ngati mnzanu adakuuzani kuti bukuli ndi la nkhondo, inu n'kupeza za ukwati, mumakhumudwa. Lolani buku likuuzeni lokha chimene lili.

5. Mmene mungaliyesere buku

Pa depoti ya mumzinda wa Lilongwe pakhoza kuima maminibasi awiri olowera ku Namitete. Ina yaima chifukwa ikudikira kuti idzaze, ina yaima chifukwa yafa injini. Mukaziona patali zonse zangoima, koma wapaulendo wanzeru amayandikira, naona ngati anthu akukwera ndi ngati katundu akumangidwa. Buku nalonso muliyandikire musanatsike.

Lipatseni mpata wokwanira. Werengani mitu itatu yoyamba, kapena gawo limodzi mwa magawo asanu a buku lonse. Ngati lili ndi masamba 100, werengani masamba 20. Mukafika pamenepo, tsekani buku ndi kuyankha mafunso asanu awa m'kope mwanu.

(a) Kodi ndingatchule mpangankhani wamkulu ndi chinthu chimodzi chimene akufuna kapena akuopa?

(b) Kodi pali chimene chasintha kuchokera patsamba loyamba, monga kubadwa kwa mwana, imfa, kufika kwa mlendo, ngongole kapena lonjezo?

(c) Kodi ndatsala ndi funso limene ndikufuna kudziwa yankho lake?

(d) Kodi pali kalosera, ndiye kuti mawu, maloto, chenjezo la munthu wamkulu kapena malodza osonyeza kuti kutsogoloku kuli zinthu?

(e) Kodi ndapezamo chatsopano, kaya mwambo, mwambi kapena kafotokozedwe kokoma koti ndingakonde kukagwiritsa ntchito m'chimangirizo changa?

Ngati mwayankha kuti inde pa mafunso atatu kapena kuposerapo, bukulo ndi lamoyo. Likungodzaza anthu, linyamuka posachedwa. Ngati mwalephera onse asanu, bwererani kumutu woyamba muuwerenge mokweza mawu, chifukwa mwina maso ankangoyenda pamwamba pa zilembo maganizo ali kwina. Mukalepheranso kachiwiri, ndiye kuti nthawi yogamula yakwana. Chigamulocho chimadalira mtundu wa buku limene muli nalo m'manja.

6. Ngati ndi buku la mayeso

Apa yankho ndi limodzi: simungalisiye. Bungwe la MANEB silifunsa ngati bukulo lidakusangalatsani. Limafunsa zimene zili m'bukumo, ndipo mafunso amatha kuchokera m'mutu uliwonse. Chimene mungasinthe ndi kawerengedwe kanu. Yambani mwatsimikiza kwa aphunzitsi anu mabuku amene asankhidwa m'chaka chanu, kenaka tsatani njira izi.

Choyamba, ligaweni. Buku la masamba 120 mukamawerenga masamba 6 patsiku mulimaliza m'masiku 20. Masamba 6 ndi ochepa moti ngakhale tsiku lotopa mukhoza kuwakwanitsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri, werengani ndi cholembera m'manja. Mukamaliza mutu, lembani ziganizo ziwiri zokha: chachitika n'chiyani, ndipo chachitika chifukwa chiyani. Chiganizo chachiwirichi ndi chimene chimabweretsa malikisi ambiri pamayeso.

Chachitatu, sandutsani masamba ozizira kukhala nkhokwe. Pomwe mlembi waima n'kumafotokoza mwambo kapena maonekedwe a mudzi, mpomwe pamachokera mayankho a mafunso a malo, nthawi, miyambo ndi zikhulupiriro. Tsegulani tsamba lapadera m'kope la mutu wakuti Miyambo, lina Zikhulupiriro, lina Makhalidwe a Ampangankhani, ndipo muzilembamo mfundo pamodzi ndi nambala ya tsamba limene mwaipeza.

Chachinayi, werengani pagulu. Ngati buku ndi limodzi, khalani anayi kapena asanu, mmodzi aziwerenga mokweza ena akumvetsera, ndipo muzisinthana pakatha tsamba. Mabuku ambiri a Chichewa adalembedwa motsata kalankhulidwe ka pabwalo, choncho amakoma m'khutu kuposa m'maso. Pomaliza kambiranani zimene mukuganiza kuti zichitika m'mutu wotsatira. Mukatsutsana, aliyense amafuna kudziwa amene walondola, ndipo mawa lake palibe amene amajomba.

Chachisanu, mukamaliza buku lonse bwererani kumitu yoyamba ija. Mudzadabwa kuona kuti mawu amene mudawayesa opanda pake adali kalosera wa mathero. Kuwerenga kwachiwiri kumafulumira, ndipo n'kumene kumakhazikitsa mfundo m'mutu.

7. Chenjezo pa manotsi

Ophunzira ena buku likawazizirira amathawira ku manotsi achidule, kaya ogula, okopera kwa anzawo kapena olandira pa WhatsApp. Manotsi ndi othandiza pobwereza, ngakhale buku lino ntchito yake ndi yomweyo. Koma manotsi amadula mbali zomwe zija zoyenda pang'onopang'ono, n'kusiya mafupa okhaokha a nkhani. Funso likakupatsani ndime yotengedwa m'buku n'kufunsa kuti akulankhula ndani, akulankhula kwa yani ndipo adali kuti, wodalira manotsi amangoluma cholembera. Funso likati perekani zitsanzo zochokera m'buku, iye amabwereza mfundo imodzi katatu. Komanso amene adalemba manotsiwo akalakwitsa dzina kapena kusokoneza zochitika, inu mulibe poonera kuti alakwitsa. Yambani buku, manotsi abwere pambuyo.

8. Ngati ndi buku lodzisankhira

Buku limene mwabwereka kulaibulale ya pasukulu kapena kwa mnzanu kuti mukulitse chilankhulo ndi nkhani ina. Limeneli muli ndi ufulu wolisiya, ndipo kutero si tchimo. Si buku lililonse losindikizidwa limene lili labwino, ndipo ngakhale labwino silikomera aliyense. Kukakamira buku limene lakukanani kwa mwezi wathunthu kumadya nthawi ya mabuku ena awiri, ndipo kungakudanitseni ndi kuwerenga kumene.

Komabe lisiyeni mwadongosolo. Onetsetsani kuti mwaliyesa ndi mafunso asanu aja. Funsani munthu amene adalimaliza, kaya mphunzitsi kapena mnzanu, kuti akuuzeni mutu umene nkhani imayamba kutentha popanda kukuululirani mathero. Ngati kwatsala masamba 10 kuti mufikepo, limbani mtima. Mukatsimikiza zolisiya, lembani m'kope dzina la buku, mlembi, tsamba limene mwalekera ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Kunena kuti ndi lobowa si chifukwa. Nenani kuti ampangankhani onse akulankhula mofanana, kapena kuti mitu itatu yadutsa popanda mkangano. Potero mukuphunzira luso lozukuta nkhani, lomwe ndi limene mayeso amafuna. Kenaka libwezeni msanga kuti wina aliyese.

Dziwaninso kuti pali mabuku amene amakana munthu chifukwa nthawi yake sinakwane. Buku lokamba za mavuto a m'banja kapena za ukalamba likhoza kukuzizirani muli ndi zaka 17, n'kudzakugwirani mtima muli ndi zaka 30. Kulisiya lero sikutanthauza kuti mwalitaya.

Mbali inayi, musapusitsidwe ndi buku loyamba ndi mfuti kapena ngozi patsamba loyamba. Ena mwa mabuku otere amathera mphamvu pomwepo, kutsogolo n'kumangobwereza zomwezo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mafunso asanu aja ndi oyesera mabuku onse, ofulumira ndi ochedwa omwe.

9. Zoyenera kukumbukira

(a) Chiyambi chimatipatsa malo, nthawi, ampangankhani ndi mbewu ya mkangano. Zifukwa za zochita za mpangankhani wamkulu kawirikawiri zimabisala m'menemo.

(b) Musanaweruze buku, onani ngati vuto si kutopa, mawu achilendo kapena kuchuluka kwa maina.

(c) Lipatseni buku mitu itatu kapena gawo limodzi mwa magawo asanu, kenaka liyeseni ndi mafunso asanu.

(d) Buku la mayeso silisiyidwa. Ligaweni, lembani mfundo, werengani pagulu ndipo libwerezeni.

(e) Buku lodzisankhira mukhoza kulisiya mutaliyesa mokwanira ndi kulemba chifukwa chomveka.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira amene waphunzira kudekha pamasamba 20 oyambirira amalowa m'chipinda cha mayeso akudziwa chifukwa chimene nkhani idathera mmene idatheramo, pomwe mnzake akungodziwa mathero okha.

Ntchito

1. Tchulani ntchito zitatu za chiyambi cha nthano yaitali.

2. Tengani buku limodzi mwa mabuku a mayeso a chaka chino. Werengani mitu itatu yoyamba ndi kuyankha mafunso asanu a m'gawo 5.

3. Pezani zinthu ziwiri m'mutu woyamba wa buku lomwelo zimene zikuthandiza kumvetsa mathero ake. Fotokozani kugwirizana kwake.

4. Lembani mawu kapena zining'a zisanu zimene simukuzidziwa kuchokera m'mitu imeneyi. Funsani akuluakulu a kwanu matanthauzo ake, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi.

5. Pagulu, kambiranani mutu uwu: mlembi amene akufuna kusunga miyambo ali ndi ufulu wochedwetsa nkhani. Perekani mfundo zovomereza ndi zotsutsa, ndi zitsanzo zochokera m'mabuku amene mwawerenga.